Makina ati osokera quilt amene thumba lingakwanitse kuno kuchigwa cha Shire?

Atelala ndi amayi a m'magulu osoka ku Chikwawa ndi ku Nsanje ayamba kuona kuti tizidutswa ta zitenje timene timatsala pansi pa makina tingasanduke katundu wogulitsa, monga zoyala pabedi, zogonekapo makanda, zikwama, zoyala patebulo ndi zovindikira mapilo. Katundu wotere, amene ogula amamudziwa ndi dzina lakuti quilt, amakhala ndi nsalu zitatu zosanjikizana, ya pamwamba yolumikizalumikiza, ya pakati yofewa ndi ya pansi, ndipo zonse zitatu zimagwirana ndi ulusi umene umayenda pamwamba ponse. Ulusiwo ukhoza kungoyenda m'mizere yowongoka, koma umene umakopa maso ndi kukweza mtengo ndi uja wokhotakhota wojambula masamba, maluwa, mafunde kapena nsomba, ndipo kasokedwe kake amakatcha free-motion. Amene akufuna kuyamba kasokedwe kameneka amafunsa kuti agule makina ati, ndipo kawirikawiri wogulitsa amawalozera makina okhala ndi mabatani ambiri, amene pa ntchito imeneyi sathandiza kanthu.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira pomwe. Kwa munthu wokhala ku Ngabu, ku Bangula, ku Makhanga kapena kwina kumene magetsi amabwera mwa apo ndi apo kapena kulibiretu, makina achitsulo opalasa ndi mapazi, a mtundu wa Singer 15 kapena ena opangidwa motengera amenewa, ndi amene amabweza zambiri pa ndalama zochepa, malinga ngati mano ake amatsika ndipo phazi loyenera lapezeka. Makina enawo ali ndi ubwino wake, ndipo pali anthu amene ayeneradi kugula ena, koma kuti chifukwa chake chimveke bwino tiyenera kuyamba taona chimene chimachitika pansi pa singano.

Posoka diresi kapena thalauza, makina ndi amene amayendetsa nsalu. Pansi pa singano pali mano achitsulo amene amatukuka, kukokera nsalu kumbuyo, kutsika ndi kubwereranso, pamene phazi likukanikiza nsaluyo pa manowo. Pa free-motion ntchito yoyendetsayi imachoka kwa makina n'kupita m'manja mwa wosoka. Mano amatsitsidwa kuti asakhudze nsalu, phazi lanthawi zonse limachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumalowa phazi lodumpha, limene m'masitolo amalitcha darning foot. Phazi limeneli lili ndi sipuling'i ndi kamtanda kamene kamatsamira pa sikuluwu yomangira singano, kotero singano ikamatsika phazi limagwira nsalu kuti sitichi imangike, ndipo singano ikamakwera phazi limakwera nayo n'kusiya nsalu yomasuka kuti manja aiyendetse kumanzere, kumanja, kutsogolo kapena kumbuyo. Kutalika kwa sitichi sikuchokeranso pa kachitsulo kosinthira, kumachokera pa kugwirizana kwa liwiro la singano ndi liwiro la manja, ndipo wosoka amalimbana kuti masitichi ake azikhala a mamilimita awiri kapena atatu paliponse. Apa n'zoonekeratu kuti zigizagi, maluwa osokeratu ndi kuboola mabowo a mabatani zilibe gawo. Chofunika ndi sitichi yowongoka yolimba, mano otha kuchoka panjira, liwiro lomvera mwiniwake, thenshoni (kukungika kwa ulusi) yosasinthasintha, ndi malo okwanira kudutsitsa nsalu.

Nkhani ya malo ndi imene ambiri amaizindikira atagula kale. Ndikunena mpata wa pakati pa singano ndi thupi la makina kudzanja lamanja. Choyala pabedi lalikulu chimakhala pafupifupi mamita awiri m'lifupi, ndipo kuti singano ifike pakati pake, theka lonse, mita yathunthu ya nsalu zitatu zosanjikizana, liyenera kukulungidwa ndi kulowa mumpata umenewo. Makina akale achitsulo a thupi lalikulu amakhala ndi mpata wa masentimita pafupifupi 18 mpaka 20, ndipo mkono wake ndi wochepa thupi, kotero pamwamba pamatsalanso malo. Makina ambiri atsopano apulasitiki otsika mtengo amakhala ndi masentimita 14 mpaka 16, ndipo thupi lawo ndi lonenepa. Masentimita atatu kapena anayi amaoneka ngati nkhani yochepa m'sitolo, koma wosoka akamakankha mtolo wa nsalu umene ukukana kulowa, masitichi amafupika ndi kutalika mosalamulirika, ndipo mapewa amatopa ntchito isanafike pakati. Ndi bwino kupita kogula ndi tepi yoyezera m'thumba.

Tsopano tione gulu loyamba, makina opalasa. Singer 15 ndi mtundu umene unayamba kupangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ambiri amene anafika kuno kwathu anachokera ku fakitale ya Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, mafakitale a ku Japan anapanga makina ochuluka motengera kapangidwe komweko, kenaka a ku China ndi ku India anachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake Butterfly ya ku Shanghai ndi makina ena akuda amene timawaona pakhonde la sitolo ku Nchalo kapena ku Dyeratu amafanana ngati a mimba imodzi. Chizindikiro chake n'chosavuta: chosinthira thenshoni chimakhala kumanzere pa nkhope ya makina, osati kutsogolo kuyang'ana wosoka, ndipo bobini, yokulungapo ulusi wa pansi, imalowa m'kachikho kachitsulo kamene kamaima chilili pansi kumanzere. Kuima kumeneku kuli ndi phindu pa ntchito yathu, chifukwa ulusi wa pansi umakwera molunjika kupita ku nsalu popanda kukhota kwambiri, ndipo umapirira nsalu ikamakokeredwa mbali zonse. Kachikhoko kalinso ndi kasikuluwu kakang'ono kosinthira thenshoni ya pansi, ndipo bobini ikatha ulusi munthu amaichotsera pansi osasuntha quilt pamalo pake.

Si makina onse a mtundu umenewu amene mano ake amatsika, ndipo apa m'pamene wogula ayenera kuyang'anitsitsa. Pa ambiri a ku Japan ndi ena a ku China pamakhala kachitsulo kozungulira pamwamba pa bedi la makina, kumanja pafupi ndi tsinde, kamene ukakapotoza mano amalowa pansi pa puleti, kachitsulo kafulati kamene singano imadutsapo. Pa Singer zina, monga 15-88 yopalasa ndi 15-91 yamagetsi, chotsitsira chili kunsi. Mutu wa makina umagonekedwa chagada pa mahinjesi ake, ndipo chakumanzere pa ndodo yokweza mano pamaoneka sikuluwu yamutu waukulu yopotoza ndi zala. Ukaimasula mpaka kumapeto n'kuzungulitsa gudumu, umaona ndodo zonse zikuyenda koma mano akungogwedezeka pansi osatulukira pamwamba pa puleti. Pa makina amene akhala zaka zambiri akusoka mayunifomu okhaokha, sikuluwu imeneyi imakhala itauma ndi mafuta akale osakanikirana ndi fumbi, chifukwa mwiniwake sanaikhudzepo, ndipo imafuna madontho a parafini ndi kuleza mtima, osati pulayala. Mano akakhala osatsika, makinawo sanatayike. Wosoka amaika kutalika kwa sitichi pa ziro kuti mano azingokwera ndi kutsika osakoka, kenaka amamata kakhadi kolimba kosalala pamwamba pa manowo ndi selotepi, ataboola pamene singano idutse. Njira imeneyi imagwira ntchito, ngakhale imachepetsa mpata wa pansi pa phazi, ndipo quilt yonenepa imayamba kuvuta kuyendetsa.

Pali kusiyana kwina kumene kumasokoneza anthu pogula zipangizo. Pa 15-88 ndi 15-91 mbali yafulati ya singano imayang'ana kumanzere ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanja, pamene pa makina ambiri otengera a ku Japan ndi ku China mbali yafulati imayang'ana kumanja ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Kachikho ka bobini nakonso kamasiyana pa mbali imene kanyanga kake kamaloza. Makina abwinobwino akhoza kudumpha masitichi tsiku lonse chifukwa cha singano yolowetsedwa mozondoka, ndipo wogula wosadziwa amawasiya n'kukatenga oipa.

Ubwino waukulu wa makina opalasa pa free-motion ndi liwiro. Wophunzira amafunika kusoka pang'onopang'ono, makamaka pokhota ndi pa nsonga za masamba, ndipo mapazi amatha kuyendetsa singano mofatsa kuposa chopondera chamagetsi chotsika mtengo. Manja onse awiri amakhala pa nsalu. Mutu wa makina umakhala wolowa m'tebulo lake, kotero nsalu imatsetsereka pamalo athyathyathya popanda kugwera m'mbali, chinthu chimene eni makina amagetsi amachita kugulira padera. Singano zake ndi zija zopezeka paliponse za makina apanyumba, zolembedwa 130/705H kapena HAx1, mabobini ndi lamba zimapezeka m'misika yathu, ndipo mmisiri wodziwa kukonza makina amenewa sasowa pa malo aliwonse ochitira malonda kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka. Palibe chimene chingapse mkati mwake, ndipo kutentha kwa October ndi November, pamene kuno kumadutsa madigiri 40, sikuwachita kanthu bola adontheze mafuta.

Zofooka zake zilipo ndipo sindizibisa. Gudumu likabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono, ulusi umaduka kapena kupiringizana pansi, choncho amene sanazolowere kupalasa ayenera kuyamba waphunzira zimenezo payekha asanawonjezere zoyendetsa nsalu. Singano imaima paliponse pamene mapazi asiyira, ndipo popeza pa quilt munthu ayenera kuima singano ili m'nsalu kuti mzere usasunthe, dzanja lamanja limachoka pa nsalu kawirikawiri kukagwira gudumu. Kupalasa maola ambiri uku ukunyamula choyala cholemera kumatopetsa msana. Ndiyeneranso kunena kuti makina atsopano otengera a mtundu umenewu sapangidwa mofanana: ena ndi osalala bwino, ena ali ndi zitsulo zokakala mkati zimene zimadya ulusi, ndipo dzina lolembedwa ndi golide pa mkono silitsimikizira kanthu, popeza mayina otchuka amamatidwanso pa makina osadziwika kochokera. Pa chifukwa chimenechi, Singer yakale kapena makina a ku Japan ogwiritsidwapo kale ntchito koma osamalidwa ndimawaika patsogolo pa atsopano a m'katoni amene wogulitsa sakulola kuyesa.

Makina omwewa akhoza kuikidwa mota yaing'ono ya mawati pafupifupi 100, imene imamangidwa pa kabowo ka sikuluwu kamene ambiri ali nako pansi pa gudumu. Amene ali ndi magetsi amasoka ndi mota, akazima amabweza lamba wa chopalasira n'kupitiriza. Kwa ine iyi ndi njira imene ikugwirizana kwambiri ndi moyo wa kuno. Chenjezo ndi lakuti zopondera zotsika mtengo zimene zimabwera ndi mota zoterezi zimatentha munthu akamasoka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo zina zimayamba ndi kulira kenaka n'kuthamanga mwadzidzidzi, zimene zimawononga chiyambi cha mzere uliwonse.

Pa makina ena akale a Singer, amene ndingawatchule mwaulemu ndi 201, opangidwa kuyambira m'ma 1930 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ali ndi mpata waukulu, amayenda mwakachetechete, ndipo mano ake amatsika ndi sikuluwu ya kunsi. Bobini yake ndi yogona, yolowera pamwamba, motero thenshoni imafuna kuisamalira pang'ono, koma wowapeza ali bwino pamtengo wabwino asawasiye. Singer 66 ili ndi mpata wabwino koma mano satsika, ndiye imafuna kuphimba. Singer 99 ndi Featherweight 221 ndi ang'onoang'ono, abwino polumikiza tizidutswa, koma choyala chachikulu sichidutsa momasuka. Singer zina, monga 301 ndi 401, zili ndi singano yopendekeka, ndipo phazi lodumpha la makina wamba silikwanirapo, ndiye wogula atsimikize kaye kuti phazi lake alipeza.

Makina opukusa ndi dzanja asawerengedwe n'komwe pa ntchitoyi, chifukwa amalanda dzanja limodzi pamene onse awiri akufunika pa nsalu, pokhapokha ngati mutu wake ungasamutsidwire pa tebulo lopalasa kapena kuikidwa mota. Timakina tating'ono toyendera mabatire timene timalengezedwa pa Facebook sitingaboole nsalu zitatu mokhulupirika, ndipo ndalama zake ndi zotaya.

Gulu lachiwiri ndi la makina atsopano amagetsi apanyumba, a mayina monga Singer, Brother ndi Janome, amene amagulitsidwa ku Limbe ndi ku Blantyre kapena kubwera ndi achibale ochokera ku South Africa. M'gulu limeneli muli mitundu iwiri, osinthidwa ndi timagudumu topotoza ndi dzanja, ndi akompyuta okhala ndi kagalasi kolemba manambala. Pa oyambawo chitsanzo chodziwika ndi Singer Heavy Duty 4423, imene ili ndi chimango chachitsulo mkati, imasoka masitichi ofika 1,100 pa mphindi, ndipo mano ake amatsika ndi kabatani kotsetsereka kumbuyo kwa mkono wapansi. Ndi makina oti munthu angasokere zikwama, zogonekapo makanda ndi zoyala patebulo, n'kusokeranso zovala za zigizagi, ndipo kwa telala amene akufuna makina amodzi ochita zonse imeneyi ndi mfundo yomveka. Koma mpata wake ndi wochepa poyerekeza ndi makina akale, ndi opepuka moti choyala cholemera chimawakoka patebulo, amakhala pamwamba pa tebulo kotero pamafunika kalipentala apange bokosi lowazungulira kuti nsalu ikhale pamalo ofanana, ndipo chopondera chake chimakonda kuthamanga. Makina otsika mtengo kwambiri a m'gululi alibe chotsitsira mano, amangobwera ndi kapuleti kapulasitiki kophimbira, ndipo kakasowa pa makina ogwiritsidwapo kale ntchito n'kovuta kukapeza.

Makina akompyuta ali ndi zinthu ziwiri zimene wosoka quilt amazilakalaka: batani lochepetsera liwiro kuti singano isapitirire pamene waika ngakhale utaponda mpaka pansi, ndi kuima singano ili m'nsalu nthawi zonse. Zimenezi zimafupikitsadi nthawi yophunzira, ndipo kukanakhala kuti tikukamba za munthu wokhala pafupi ndi wokonza makina oterewa ndikanawayamikira. Vuto ndi lakuti moyo wawo wonse uli pa kabolodi kamagetsi kamene sikapirira magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pozima, ndipo kakapsa mmisiri wa pa Ngabu alibe pogwira. Tonse tikukumbukira kuti mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu lopangira magetsi la Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Wosoka amene ntchito yake yonse inali pa makina amagetsi anaona maoda akuchedwa pa chifukwa chimene sakanachitapo kanthu. Amene ali ndi sola, batire ndi inveta akhoza kuyendetsa mota yaing'ono yapanyumba, koma mtengo wa zimenezo uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi wa makina.

Pa makina amagetsi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, chinthu choyamba kuwerenga ndi kapuleti ka pa mota. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Makina opangidwira ku America ndi a mavoti 110 mpaka 120, a ku Japan ndi a 100, ndipo akalumikizidwa pakhoma popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo. A ku Britain ndi ku South Africa amagwirizana ndi athu.

Gulu lachitatu ndi makina a m'mafakitale osoka sitichi yowongoka, monga Juki DDL-8700 ndi ena ofanana nawo a mayina ngati Jack, Zoje ndi Siruba, amene atelala otukuka ambiri ali nawo kale. Mpata wake umaposa masentimita 25, tebulo lake ndi lalikulu, mutu ndi wolowa m'tebulo, ndipo pali chokwezera phazi ndi bondo. Pa nkhani ya malo, palibe makina apanyumba otsika mtengo amene angafanane nawo. Koma anapangidwira kuthamanga, DDL-8700 imafika masitichi 5,500 pa mphindi, ndipo ikakhala ndi mota yakale ya kilatchi, imene imangozungulira nthawi zonse ikayatsidwa, kuigwira kuti iziyenda mofatsa pojambula duwa n'kovuta ngakhale kwa katswiri. Mankhwala ake ndi mota ya servo, imene liwiro lake limaikidwa malire, imakhala chete munthu akapanda kuponda, ndipo imadya magetsi ochepa. Mano a makina amenewa alibe chotsitsira, amachita kuchotsedwa pomasula puleti ndi masikuluwu awiri, zimene zikutanthauza kuti telala sangasinthe msanga kuchoka pa quilt kupita pa thalauza la kasitomala amene akudikira pabenchi. Phazi lodumpha limafunika la mwendo wautali la makina a m'fakitale, singano ndi za DBx1, ndipo popeza mafuta amakwera ndi pampu yodalira liwiro, wosoka pang'onopang'ono aziyang'ana pa kagalasi ka mafuta kuti aone ngati akufika. Kwa telala amene ali nawo kale, kugula servo ndi phazi ndi njira yotsika mtengo yopezera makina amphamvu a quilt. Kwa woyamba kumene, ndi katundu wolemera pa thumba ndiponso pomusamutsa madzi akabwera.

Aliponso makina opangidwira ntchito yomweyi, monga Juki TL-2010Q ndi Brother PQ1500, a sitichi yowongoka yokha, othamanga masitichi 1,500 pa mphindi, a mpata woposa masentimita 20, oimitsa singano pansi ndi odula okha ulusi. Ndi abwino zedi, koma mtengo wake umagula makina opalasa angapo, ndipo ambiri amachita kuitanitsa kunja. Gulu la amayi limene lapeza kale ogula okhazikika, kaya m'malo ogona alendo a ku Majete ndi ku Lengwe kapena m'masitolo a ku Blantyre, likhoza kuwaganizira. Kutenga ngongole ku banki m'khonde kuti ugule makina otere usanagulitse quilt ngakhale imodzi ndi kugula mbereko mwana asanabadwe. Makina aakulu oyenda pa njanji, a mkono wautali, ndi okwera mtengo kwambiri ndipo sali m'nkhani ya zotsika mtengo.

Mitengo sindiitchula, chifukwa makina onse ndi ochokera kunja ndipo mtengo wake umatsata kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chimene ndingalangize ndi kusathera ndalama zonse pa mutu wa makina. Phazi lodumpha silibwera ndi makina ambiri ndipo silipezeka pa msika uliwonse, kotero ndi bwino kulipeza kaye, kapena kutuma amene akukwera mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre, atanyamula phazi lakale kuti ayerekeze kutalika kwa mwendo wake. Singano za nambala 90/14 zimakwanira pa zitenje zambiri, 100/16 pa nsalu zolimba, ndipo zimabuntha msanga pa ntchito imeneyi moti ziyenera kukhalapo zambiri. Ulusi wotsika mtengo waubweya umene umaduka pokoka ndi manja udzaduka kowirikiza pa free-motion, ndipo munthu adzada makina osalakwa. Pamafunikanso tebulo lina kumbuyo ndi kumanzere kuti linyamule kulemera kwa choyala, chifukwa nsalu ikalendewera imakoka singano mpaka kuithyola. Kuno manja amatuluka thukuta n'kumaterera pa nsalu, ndipo magolovesi opyapyala okhala ndi timadontho ta labala m'zikhato amathandiza kwambiri. Mafuta akhale a makina osokera, popeza mafuta ophikira amauma n'kumata zitsulo.

Kuyesa makina musanalipire ndi chinthu chosasiya. Konzani kunyumba kachidutswa ka nsalu zitatu kotalika ngati chikhato kuwirikiza kawiri, ka zitenje zomwezo ndi chapakati chomwecho chimene mudzagwiritse ntchito, mutenge phazi lodumpha, singano yatsopano ndi ulusi wa mitundu iwiri, wina pamwamba wina m'bobini. Mukatsitsa mano ndi kumanga phazi, kumbukirani kutsitsa chokwezera phazi ngakhale phazilo likuoneka ngati silikugunda nsalu, chifukwa chikakhala m'mwamba thenshoni ya pamwamba imakhala yomasuka ndipo pansi pamatuluka mulu wa ulusi wopiringizana. Kokerani ulusi wa pansi pamwamba, gwirani nsonga zonse ziwiri, kenaka sokani mizere yozungulira, ina yaikulu ina yaing'ono, mubwerere chammbuyo ndi cham'mbali. Mukatembenuza nsaluyo, yang'anani pa makhotolo. Ngati ulusi wa pamwamba ukuoneka pansi ngati timizere totuluka kunja kwa khotolo, mangani thenshoni ya pamwamba pang'ono ndipo muchepetse liwiro la manja pokhota. Zikatha, makinawo ali bwino. Ngati masitichi akudumphidwa poyenda mbali imodzi yokha ngakhale singano ndi yatsopano ndipo yalowa bwino, ndiye kuti mbedza ya pansi, imene imakola ulusi wa singano, yatha kapena siikukumana ndi singano pa nthawi yake, ndipo mtengo wokonzetsa uchotsedwe pa mtengo wogulira. Gwedezaninso ndodo ya singano ndi chala, chifukwa ikamasewera cham'mbali ndiye kuti makinawo atha ndipo sangapereke sitichi yoyera.

Kuno kuli chinthu china choyang'ana chimene ogula a kumtunda sachiganizira. Madzi osefukira a mu 2015, a mu 2019 ndi a namondwe Freddy mu March 2023 analowa m'nyumba zambiri, ndipo makina ena amene akugulitsidwa lero anagonapo m'matope. Kunja akhoza kupukutidwa n'kuwala, koma mukagoneka mutu chagada mudzaona dzimbiri lofiira pa ndodo, mchenga wouma m'makona, ndi timaenje pa njira imene mbedza imayendamo. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi parafini ndi mafuta, ndipo makina achitsulo amadzukanso, zimene makina akompyuta sangachite. Koma timaenje pa mbedza ndi pa timbale ta thenshoni timadula ulusi, ndipo zidazo ziyenera kusinthidwa. Tebulo la matabwa omatamata likanyowa limafufuma ndi kusenda, ndipo pamwamba pokakala pamagwira nsalu, choncho liyenera kupalidwa ndi kupakidwa vanishi kapena kusinthidwa.

Chomaliza chimene chimasintha chisankho ndi katundu amene mukufuna kupanga. Chigwa chino ndi chotentha, ndipo choyala chonenepa chimafunika mwina mu June ndi July mokha, pamene ogula a zoterezi ali ku Thyolo, ku Blantyre ndi kwina kozizira. Msika wapafupi umafuna zopyapyala ndi zing'onozing'ono, zimene makina a mpata wochepa amazikwanitsa. Ngakhale choyala chachikulu chingasokedwe m'zigawo za theka la mita, chilichonse n'kumalizidwa pachokha, kenaka n'kulumikizidwa ndi timizere ta nsalu, ndipo njira imeneyi imachotsa pafupifupi vuto lonse la mpata. Chapakati nachonso chili ndi mbali yake. Dera lino ndi la thonje kuyambira kale, moti David Livingstone atafika mu 1859 anapeza Amang'anja akupota ulusi ndi kuluka nsalu, ndipo n'zachibadwa kuganiza zoika thonje lathu pakati. Likhoza kugwira ntchito ngati lachotsedwa njere zonse ndi kupesedwa mofanana, chifukwa njere imathyola singano ndipo mafuta ake amathimbirira nsalu, komanso liyenera kusokedwa mizere yoyandikana kwambiri kuti lisaunjikane pochapa. Mizere yoyandikana imatanthauza maola ambiri pa makina, ndipo amene asankha njira imeneyi adzapindula ndi mota yowonjezera ija. Bulangeti lopyapyala la pakaunjika kapena nsalu ya fulanelo zimayenda mosavuta pansi pa phazi lodumpha, sizifuna mizere yambiri, ndipo ndi zimene woyamba ndi makina opalasa ayenera kuphunzirira asanakhudze chapakati chonenepa.